Mlonda waulere amene ndinkamupeputsa: Microsoft Defender pakashopu kanga ka fotokope

Kashopu kanga kali pa Dedza boma, chakufupi ndi depoti. Timatayipa, timapulinta, timapanga fotokope, ndipo nyengo ya maukwati timapanganso makhadi. Makompyuta ndili nawo awiri, onse ogula akale, ndipo m'mawa wa mu June nkhungu ikatsika m'phiri amadzuka mwaulesi ngati mwini wake. Koma ntchito yanga yeniyeni, ndikaiona bwino, ndi yolandira maflashi a anthu. Aphunzitsi a ku Bembeke ndi ku Mayani amabwera ndi mayeso, alembi a mipingo ndi malipoti, anyamata ofuna ntchito ndi makalata awo, ogulitsa mbatatesi ndi mapepala a ngongole. Flashi iliyonse imakhala itayenda m'makompyuta angapo isanafike kwa ine, ndipo zambiri zimakhala zitadzerako kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu kumsika. Ngati pali nthenda pa boma pano, imafika patebulo langa dzuwa lisanapendeke.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika sabata ya mayeso a moko a Fomu 4. Aphunzitsi aakulu ena anabwera ndi flashi, nditailowetsa tinapeza mafoda onse ali ndi timivi ting'onoting'ono pakona. Ukadina, kawindo kakuda kankangophethira n'kuzimiririka. Bambo aja anakhala pansi pabenchi, chipewa m'manja.

"Mayi, mwandipha. Mapepala asanu ndi awiri a mayeso anali momwemo."

Ndinaimbira alamu anga, mng'ono wawo wa abambo akunyumba, amene anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe. Anangoti, "Alamu, musafomate chilichonse, ndikubwera." Atafika pa kabaza, choyamba anayang'ana kuti flashiyo yadzaza bwanji. Inkaonetsabe kuti muli katundu. "Zinthu zilimo, zangobisidwa," anatero. Anachotsa kafayilo ka vayirasi ndi ma shortcut onse aja, kenako analemba mzere umodzi pawindo lakuda, mafoda onse n'kubwerera. Mzerewo ndinaukopera pakatoni, uli pakhoma mpaka lero: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo E ndi chilembo cha flashi, chimasintha malinga ndi kompyuta.

Kenako anatembenukira kwa mlonda wanga. Ndinali ndi antivirus, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavayirasi, ya dzina lalikulu, yolipira, imene mnyamata wondigulitsa kompyuta anandiikira "mwaulere" ndi kiyi wakuba. Ndinkainyadira. Alamu anatsegula n'kundionetsa tsiku limene inalandira komaliza update, zizindikiro za mavayirasi atsopano: panali patadutsa chaka ndi miyezi. "Mlonda wanuyu akudziwa nkhope za akuba a chaka chatha okha," anatero akuseka. Anaichotsa, ndipo itangochoka, Microsoft Defender inadzuka yokha. Ndinali ndisakudziwa n'komwe kuti m'kati mwa Windows 10 ndi Windows 11 muli kale antivirus yathunthu, imene imadzipatula yokha ukaika ina.

Usiku umenewo tinasiya Defender ikusikana kompyuta yonse. M'mawa tinapeza mndandanda wautali, ndipo dzina limene linkabwerezabwereza linali Sality. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti mawu oti "antivirus yakonza fayilo" ali ndi malire ake, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa makasitomala ambiri amandikwiyira pa nkhani imeneyi.

Sality ndi vayirasi yakalekale, inayamba kuoneka mu 2003, koma m'maflashi a kuno idakali moyo. Imalowa m'mafayilo a mapulogalamu, aja othera ndi .exe, monga momwe tekenya limalowera kuphazi. Imadzimata kumchira kwa fayilo, kenako imasintha poyambira kuti ukatsegula pulogalamu, iyo iyambe kugwira ntchito pulogalamuyo isanayambe. Koma pofuna kuti usazindikire, kachidutswa kamene yachotsa poyambira paja imakasunga m'mimba mwake, kuti pulogalamu yako izitsegukabe ngati kale. Kuchenjera kwakeko n'kumene kumapatsa antivirus mpata. Akatswiri akaiphunzira vayirasi yotere amadziwa pamene imabisa kachidutswako, ndiye antivirus imakatenga, kukabwezera pamalo pake, n'kudula mchira wachilendo uja. Agogo anga ankatichotsa matekenya ndi phini m'njira yomweyo: kukumba mozungulira, kutulutsa thumba lonse osaliphulitsa, phazi n'kutsala. Fayilo yotsukidwa siibwerera ndendende mmene inalili, chipsera chimatsala, ndipo nthawi zina siitsegukanso. N'chifukwa chake alamu anati pulogalamu yoikira pulinta tikangotenganso yatsopano pa webusayiti ya eni ake m'malo modalira yochiritsidwa. Makalata anga a Word sanakhudzidwe, chifukwa Sality sadya amenewo. Amene amalowa m'makalata ndi ena otchedwa macro, ndipo amenewo savuta kwenikweni kuwazula, mawu ako n'kutsala.

Koma pali mavayirasi ena amene salowa ngati tekenya. Amadya ngati anankafumbwe. Amalemba pamwamba pa zomwe zinali m'fayilo, osasunga kalikonse. Chimanga chikasanduka fumbi m'thumba, ngakhale uthire mankhwala amtengo wapatali, upha tizilombo koma chimanga sichibwerera. Palinso mafayilo amene thupi lake lonse ndi vayirasi, mulibe chako chilichonse, monga kafayilo kaja kankabisa mafoda a aphunzitsi. Amenewo palibe chochiritsa, n'kungotaya basi. Ndiye antivirus ikagwira chinthu imakhala ndi njira zitatu: kutsuka ngati ikudziwa katsukidwe kake, kufufuta, kapena kuika m'bindikiro, kumene pa sikirini amalemba kuti quarantine. Chiyambire matenda a Covid, ndikati m'bindikiro ngakhale agogo amamva. Fayilo imatsekeredwa pamalo pamene singachite kanthu, koma siinafe. Ichi ndimachikonda pa Defender: ukalowa pa Protection history umaona chimene yagwira, ndipo ngati ukudziwa motsimikiza kuti chinthucho n'chabwino ukhoza kuchitulutsa. Kale, pakompyuta ina, ndinali ndi kapulogalamu kena, sindikatchula dzina, kamene kankangofufuta osafunsa. Kananditayitsa foda ya makhadi aukwati ya chaka chathunthu.

Tsopano patha zaka ziwiri ndili ndi Defender pamakompyuta onse awiri. Siindivutitsa ndi mauthenga ondiuza kuti ndigule zinazake. Flashi ikafika ndimaidina ndi batani lakumanja n'kusankha kuisikana ndisanatsegule kalikonse, ndipo nthawi zambiri ka uthenga kamatulukira pakona kasitomala asanamalize n'komwe kupereka moni. Vayirasi ikakanirira pali njira ina yotchedwa Microsoft Defender Offline: kompyuta imazima, imayakanso Windows isanadzuke bwinobwino, n'kusaka mdaniyo ali m'tulo. Zimatenga mphindi ngati 15. Kusikana kompyuta yonse kokha ndiye kumafuna kuleza mtima pamakina okalamba ngati angawa, choncho ndimachita Loweruka madzulo ndikamawerengera ndalama za sabata, n'kumapemphera kuti magetsi asazime pakati.

Chimene imafuna kwa ine ndi data. Antivirus iliyonse imazindikira adani m'njira ziwiri: poyerekeza ndi zizindikiro za mavayirasi odziwika kale, komanso poyang'anitsitsa khalidwe la pulogalamu, ngati ikuchita zokayikitsa monga kusintha mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi. Zizindikirozo zimatuluka zatsopano tsiku lililonse. Ine ndimalumikiza foni m'mawa uliwonse kwa kanthawi, kaya pa TNM kaya pa Airtel malinga ndi kumene kuli bandulo. Amene kompyuta yawo ili kumudzi kopanda netiweki yabwino, Microsoft imalola kutenga fayilo ya update pa webusayiti yake n'kuinyamula pa flashi. Aphunzitsi ena a ku Lobi ndimawatengera mwezi ndi mwezi.

Anthu amandifunsa za mapulogalamu ena, makamaka Smadav, kobiriwira kaja kamene kali pafupifupi pakompyuta iliyonse ya m'maofesi. Ndi ya ku Indonesia, ndipo pa nkhani ya maflashi ndi kubwezeretsa mafoda obisidwa imathandiza ndithu. Koma eni ake omwe amanena kuti ndi chitetezo chowonjezera, chogwira ntchito pambali pa antivirus ina. Wothandizira mlonda si mlonda. Kuika ma antivirus awiri akuluakulu pamodzi ndiye ayi, atambala awiri salira m'khola limodzi. Amalimbirana fayilo imodzi, kompyuta n'kumayenda ngati ngolo ya ng'ombe pachitunda.

Zolipira zabwino zilipo: Bitdefender ya ku Romania, ESET ya ku Slovakia, Kaspersky ya ku Russia. Ofesi yosunga ndalama za anthu kapena yokhala ndi makompyuta ambiri ikhoza kupindula nazo. Kaspersky ili ndi kachida kaulere kotsukira kompyuta kamodzi, Kaspersky Virus Removal Tool, kamene alamu amayenda nako m'thumba, ngakhale kuti boma la America linaletsa kugulitsa mapulogalamu a kampaniyi m'dziko lawo mu 2024. Avast, AVG, Avira ndi Norton anthu amazikanganirana ngati matimu a mpira, osadziwa kuti zonse tsopano zili pansi pa kampani imodzi, Gen Digital. Pa zaulere, funsani kuti akudya chiyani: mu 2024 bungwe la boma la America la FTC linalamula Avast kulipira madola 16.5 miliyoni pa nkhani yogulitsa mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula pa intaneti. Kwa ine nkhani inathera pa ndalama. Laisensi imalipiridwa chaka ndi chaka, mtengo wake umatsatira dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinadziwiratu kuti chaka china ndidzalephera kulipira, n'kubwerera kwa mlonda wodziwa akuba akale. Alamu anandionetsanso pa foni zotsatira za AV-TEST, bungwe la ku Magdeburg ku Germany limene limayesa ma antivirus pa zinthu zitatu, chitetezo, liwiro ndi kusavutitsa wogwiritsa ntchito, chilichonse mapointi 6. Zaka zaposachedwapa Defender imakhala m'gulu la pamwamba limodzi ndi zolipira zija.

Amene mudakali pa Windows 7, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 nayo nthawi yake yokhazikika inatha pa 14 October 2025, ngakhale Defender yake ikulandirabe zizindikiro zatsopano. Kompyuta yanga imodzi singakwere Windows 11, ndiye ndayamba kusunga pang'onopang'ono kubanki m'khonde.

Tsiku limene ndinasowa chonena ndi pamene mtsikana wina, mphunzitsi wa pulayimale cha ku Linthipe, anabwera ndi laputopu atakumbatira ngati mwana wodwala. Mchimwene wake anatenga pa intaneti pulogalamu yakuba yokonzera mavidiyo, ndipo poiika anazimitsa antivirus chifukwa inkakana. Mawa lake zithunzi zonse zinali ndi mayina achilendo kumapeto, ndipo m'mafoda munali kakalata kotchedwa _readme.txt kofuna madola 980, kapena 490 akalipira m'maola 72. Zithunzi za chinkhoswe, za ukwati, za malemu mayi ake.

"Anti, si mwati antivirus yanuyi imakonza?"

Ndinamukhazika pampando. Apa fayilo siinadyedwe, siinabisidwe, yakhomedwa loko ndipo kiyi ali ndi wakuba. Antivirus ithamangitsa wakubayo koma loko atsala. Alamu anati mtundu umenewu ndi STOP/Djvu. Anayesa webusayiti ya No More Ransom, imene apolisi a ku Netherlands, bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol ndi makampani achitetezo anatsegula mu 2016 pothandiza anthu okhomeredwa mafayilo, komanso kachida kaulere ka kampani ya Emsisoft, kamene kamatsegula pokhapokha ngati vayirasi inagwiritsa ntchito kiyi wodziwika kale. Wake sanali mwa amenewo. Tinapulumutsa zithunzi 23 zokha, zimene anatumizirapo azakhali ake pa WhatsApp. Zokhomedwazo tinamukoperera pa flashi yatsopano kuti asunge, mwina kiyi adzapezeka tsiku lina.

Madzulo ake alamu anandiyatsira Controlled folder access, mbali ya Defender imene imabwera yozimitsa ndipo imaletsa mapulogalamu osadziwika kusintha zomwe zili m'mafoda ako ofunika. Masiku oyamba inkatsekereza ngakhale kapulogalamu kanga ka makhadi, mpaka tinakalowetsa pamndandanda wa zololedwa. Ndinagulanso hard disk yapadera. Lachisanu lililonse ndimakoperamo ntchito yonse, kuizula, kuikulunga m'chitenje n'kupita nayo kunyumba, kumene imagona m'sutikesi limodzi ndi makhadi a kusikelo a ana.