Chiwawu cha mpunga kumapiri: mbewu imodzi yopirira kapena kusakaniza mitundu?

Amene mumalima mpunga kumtunda kozizira mukuchidziwa chiwawu chija amati blast, timadontho tosongoka mbali zonse pamasamba, pakati potuwa m'mbali mofiirira, kenako chikagwira pakhosi pa ngala, ngala yonse imayera mbee ili chiimire, mkati mopanda kanthu. Chimabwera ndi fangasi wotchedwa Magnaporthe oryzae, ndipo amakonda mame ochedwa kuuma, nkhungu komanso munda wothiridwa urea wambiri.

Njira yoyamba yolimbana nacho ndikugula mbewu imodzi yopirira n'kudzala munda onse. Yachiwiri kudzala mitundu iwiri kapena itatu mosinthanitsa mizere.

Mtengo: yopirira mumagula, koma mukasakaniza, mbewu yanu yakale imalowanso.
Ntchito: imodzi ndiyophweka, imacha limodzi. Yosakaniza imavuta pokolola, mumayenera kumweta padera kuti isasokonekere pogulitsa.

Koma pa kukhalitsa mpamene pali nkhani. Fangasiyu si wamtundu umodzi, m'dera limodzi mumakhala mitundu yambirimbiri ndipo amasintha msanga, ndiye aliyense akadzala mbewu yomweyo, mtundu umene ukuigonjetsa umaswana mpaka pakangotha zaka zochepa mbewu yotamandika ija yayamba kupsa. Mukasakaniza, mizere yopirira imatchinga matenda asafalikire. Ku Yunnan, China, kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti mpunga wosapirira utadzalidwa pakati pa wopirira chiwawu chinatsika ndi 94 peresenti.

Wolima zogulitsa amene ogula amafuna mtundu umodzi, atenge yopirira koma azisintha pakapita zaka. Wa munda waung'ono wolimira chakudya, ineyo ndingasakanize ndithu, makamaka ngati mankhwala opopera simungakwanitse chaka chilichonse.