Konkire ya mateyala ndi konkire wamba: iti ingapirire mvula ya kuno?

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, aliyense womanga ku Chitakale, ku Muloza kapena ku Luchenza akufuna chinthu chosagonja ndi madzi. Mwina mwamvapo za konkire yomwe amachotsako mchenga wina n'kuthiramo mateyala akutha ogayagaya. Ena amaitama kuti sing'ambika, ena amati n'kutaya simenti. Musanasankhe, yambani mwadzifunsa kuti konkire yanuyo ikukalimbana ndi chiyani.

Pa kusenza katundu, konkire wamba ya simenti, mchenga ndi kwale ilibe mnzake. Mphira ndi wofewa, ndiponso amakana madzi, motero simenti siimugwira bwino ndipo m'mbali mwa kachidutswa kalikonse mumatsala kampata. Mu 1993 akatswiri ofufuza Eldin ndi Senouci atachotsa kwale yense n'kuikapo zidutswa za mateyala, mphamvu ya konkire inatsika ndi pafupifupi 85 peresenti. N'chifukwa chake odziwa amangosintha kagawo kochepa ka mchenga, monga 10 peresenti, ndi mphira wogaya bwino. Ngakhale apo mphamvu imatsikabe. Maziko, mapilala, lintala ndi silabu ya pamwamba, mphira asayandikireko.

Komwe ya mateyala imaonetsa chamuna n'pomenyedwa ndi ponjenjemera. Konkire wamba ikafika polephera imangoti phwaa kamodzi. Ya mphira imayamba yalola pang'ono, ming'alu yake imakhala ing'onoing'ono ndipo zidutswa zimagwiranabe. Imapepukanso. Panjira ya apansi, pakhonde potsitsira makireti, kapena pansi pa nyumba ya chigayo kutali ndi pokhala injini, ndingaiyese osadandaula.

Koma nkhani yaikulu ndi nyengo. Mbiri ina yabwino ya konkire ya mateyala inachokera kumaiko a chisanu. Kumeneko madzi akalowa m'konkire amaundana, n'kufufuma ndi 9 peresenti, n'kuiphwanya cham'kati. Mphira ndi timipata ta mpweya zimapatsa madzi oundanawo pofufumira. Ife chisanu chotero timangochimvera pamwamba pa phiri, cha ku Sapitwa, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo kumeneko palibe akukumba maziko.

Mdani wathu ndi chinyezi. Mvula ikatha mu Epulo, chiperoni chimalandira, khoma osauma. Timipata tomwe timapulumutsa konkire ku Canada kuno timasanduka njira za madzi, ndipo mphira akachuluka konkire imamwa madzi ambiri. Madziwo akafika pa zitsulo, dzimbiri limayamba, chitsulo chimafufuma, konkire imasendeka. Onjezanipo dothi. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ya pH (muyeso wa asidi) pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo n'chifukwa chake amachita bwino ku Thyolo ndi ku Mulanje. Asidi sadya mphira kwenikweni, koma amadya simenti yomwe yagwira zonse pamodzi, ndipo amalowa msanga m'konkire ya mipata. Apa konkire yothinana bwino, yopanda mipata, ndiyo ikhalitse.

Palinso vuto la kakonzedwe. Zomwe mumawerenga zoyamikira konkireyi zimanena za mphira wogaya pamakina, wochotsa mawaya, nthawi zina woviika m'kositiki soda n'kutsuka kuti agwirane ndi simenti. Wodula ndi mpeni ngati tikupanga nkhwaila amatuluka zibenthu zikuluzikulu, zomwe ndi zija zimafooketsa konkire kwambiri, ndipo mawaya otsalira amachita dzimbiri. Zootcha teyala kuti mawaya achoke musayerekeze, utsi wake ndi poizoni.

Tisanamizane, konkire wamba nayo imatigwiritsa mwala, koma kawirikawiri vuto limakhala m'manja mwathu. Mchenga wa mumtsinje wodzaza matope, thumba limodzi kulikoka mawilibala ambirimbiri, madzi ochuluka kuti fosholo ipepuke. Madzi owonjezawo akauma amasiya timabowo, ndiye mwapanga ndi manja anu vuto lomwe lija la mphira, popanda phindu lake. Sakanizani muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, tsinderani bwino, ndipo zitsulo za m'nthaka zikwiririke ndi konkire yokwana mamilimita 50. Thirirani masiku osachepera 7, podziwa kuti mphamvu yake amaiyeza pa masiku 28. Mmisiri akakuuzani kuti mawa lake muyambe kumanga pamwamba, mukaneni mwaulemu.

Ngati mateyala akusowa ntchito pakhomo, pali njira yosavuta kuposa kuwagaya. Pamalo otsetsereka, ayaleni athunthu m'mizere mopingasa, mzere wapamwamba ubwerere m'mbuyo pang'ono, muthiremo dothi n'kutsindira kolimba, kenako mubzale vetiva. Khoma lotere likhale lalifupi, ndipo teyala lililonse lidzaze ndithu, chifukwa la theka limasunga madzi n'kuswetsa udzudzu.