Wotchi yoyeza BP ndi shuga: zomwe ndaona nditaivala miyezi yambiri

Wotchi iyi ndinaigula chifukwa cha mawu awiri olembedwa pa katoni yake: BP ndi shuga. Matenda onse awiri ndili nawo, ndipo aliyense amene amadzibaya chala m'mawa uliwonse akudziwa mmene zala zimawawira, komanso mmene ma strip (timapepala toyezera shuga) amadyera ndalama.

Pa zing'onozing'ono ilibe vuto. Mapazi imawerenga bwino, kugunda kwa mtima imalondola ndikakhala phee, batire ikusungabe moto masiku angapo. Lamba ndiye wayamba kung'ambika pabowo lomangira.

Nkhani ili pa BP. Kunsi kwa wotchi kuli kagetsi kobiriwira kamene kamawalira pakhungu n'kumaona mmene magazi akudutsira m'timitsempha. Zikatero imangoganizira nambala, siyeza ngati makina a pamkono opopa mpweya aja. Tsiku lina mutu ukugunda, makina a pamkono anaonetsa kuti ndadutsa 160/100, pomwe wotchi inali duu cha pa 120/80. Kumbukirani kuti kuyambira 140/90 achipatala amati BP yakwera. Ngakhale makampani akuluakulu amasamala pamenepa: Samsung imati wotchi yake uziifananiza ndi makina a pamkono masiku 28 alionse, ndipo Apple, imene inayamba mu 2025 kuchenjeza za BP, sipereka nambala ayi. Imayang'ana masiku 30 kenaka n'kukuuza kuti ukayezetse. Yangayi sinandifunsepo chilichonse chigulireni.

Pa shuga ndiye zinandiopsa. Ndikadya nsima masana, makina obaya chala amaonetsa kuti shuga wakwera, koma wotchi imangozungulira pa 5 ndi 6, kaya ndadya kaya ndagona ndi njala. Nditakayika ndinaimangirira pa nkhaka. Kagetsi kanayaka, kanaphethiraphethira, nambala inatuluka ndithu.

Si yanga yokha. Mu February 2024 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete zimene zimati zimayeza shuga popanda kuboola khungu, ndipo linati palibe imene linali litaivomereza. Zipangizo zenizeni zovala pathupi, monga FreeStyle Libre, zili ndi kaulusi kamene kamalowa pansi pa khungu, ndipo kachigamba ka FreeStyle Libre umasintha pakatha masiku 14 kapena 15. Wotchi yabwino imangolandira nambala kuchokera kumeneko.

Chimene chikundipweteka mtima n'choti nambala yabodza yooneka bwino imagoneka munthu tulo. BP imatha kukwera osamva kanthu mpaka sitiroko. Wobaya insulin akakhulupirira wotchi, shuga atha kutsika pansi pa 3.9, pomwe achipatala amati watsika kwambiri, iye akuona 5.6, mpaka kukomoka. Ndikuganizira makamaka makolo amene ana awo ali ku Joni kapena ku UK amawatumizira mawotchi otere mwachikondi, iwo n'kusiya kupita kukiliniki poti "wotchi ikuti ndili bwino". Ngati mukufuna kuwathandiza, ndalama yomweyo agulireni makina a BP a pamkono ndi ma strip okwanira.

Ine ndikuivalabe poyenda m'mawa, koma mbali ya BP ndi shuga ndinasiya kuitsegula. Manambala amene ndimalemba n'kupita nawo kwa adokotala ndi a makina a pamkono ndi obaya chala okha.