Fulati yathu ya ku Rhodes Park: pansi pokongola, khoma losauma

Sabata yatha kampani imene inatikongoletsera fulati inatitumizira bilu yokonzanso khoma la pabalaza, ndipo mtengo wake ndi umene wandikhazika pansi kuti ndilembe mmene zinthu zayendera chilowereni m'nyumbayi mu Ogasiti 2024. Fulatiyi ili pansi penipeni m'nyumba yosanja yakale ku Rhodes Park mumzinda wa Lusaka, imodzi mwa zimene zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya, pamene Lusaka ankakula atasanduka likulu mu 1935. Makoma ake ndi ochindikala, a njerwa zootcha, siling'i ili m'mwamba kwambiri, ndipo mawindo ndi a mafelemu achitsulo. Tinkafuna kuti ukale umenewu uzionekabe, koma m'kati mukhale mwapamwamba.

Zambiri zikugwira ntchito bwino. Makabati a kukhitchini akutsekeka monga tsiku loyamba, ndipo mwala wa granite sunathimbirire. Makatani olemera amatchinga dzuwa la Okutobala. Inveta ndi mabatire, zimene anazibisa mwaluso m'kabati ya m'khonde, zinatithandiza kwambiri chilala chitachepetsa madzi ku Kariba mu 2024, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku. Mipope yakuda ya kubafa yokha ndiyo imatopetsa, chifukwa mzinda uno uli pa mwala wa laimu ndipo madzi ake amasiya timadontho toyera tofunika kupukuta nthawi zonse.

Chimene chinandisangalatsa mosayembekezera ndi pansi. Mayi amene ankatsogolera ntchitoyi ankafuna kuzula timatabwa takale timene tinali pansi pa kapeti kuti aikepo matailosi ochokera kunja, koma kalipentala wina wachikulire anagwada, napala pang'ono, nati kwa ine: "Bambo, uwu ndi mukusi, musalole kuti autaye." Mtengo umenewu ndi uja ankaudula kudera la Mulobezi n'kuutengera pa sitima ku Livingstone, ndipo unkagwiritsidwa ntchito poyala njanji chifukwa cha kulimba kwake. Anaupala ndi makina, anasintha timatabwa tochepa tosweka, n'kuupaka mafuta, ndipo unatuluka wofiirira bii, wonyezimira mwaulemu. Ntchito imeneyi inali yotsika mtengo kuposa zonse, komabe alendo akalowa amayamba ayang'ana pansi asanaone sofa imene inatidyera ndalama zambiri.

Tsono khoma. Pakhoma la kum'mawa kwa pabalaza anamatapo pepala lokongoletsa la vinyl lochokera ku Johannesburg, n'kukhomererapo mashelefu a mabuku. Mvula itakhazikika mu Disembala tinayamba kumva fungo la chinyontho, kenaka pepala linatupa m'munsi, ndipo titalikweza tinapeza nkhungu yakuda ndi ufa woyera ngati mchere. Thabwa la m'munsi la mashelefu, limene tinkaganiza kuti ndi mtengo weniweni, linafufuma n'kuonetsa kuti ndi utuchi wotsindira wongokutidwa pamwamba. Nditaimba foni a kampani aja anabwera msanga, anapukuta, anapaka penti yotchinga madzi, namatanso pepala latsopano popanda kutilipiritsa, ndipo ndinakondwa nawo kwambiri moti ndinawatumiza kwa mlamu wanga amene ankakonza nyumba ku Kabulonga. Pofika Malichi chinyontho chija chinabwerera, ulendo uno chitakwera pamwamba pa malo amene anapaka.

Ndinaitana mmisiri wina womanga amene wagwirapo ntchito m'nyumba zakale, ndipo kufotokoza kwake kunali komveka. Makoma akalewa anali ndi pulasitala wokhala ndi laimu, amene amalola chinyontho kutuluka pang'onopang'ono n'kuuma. A kampani aja anagumula pulasitala ameneyo, naikapo wa simenti yambiri, penti yosalowa madzi ndi pepala la pulasitiki pamwamba, zomwe zili ngati kumuveka jumbo munthu amene akutuluka thukuta. M'nyengo ya mvula madzi a pansi pa nthaka mu Lusaka amakwera kufupi, njerwa zimawayamwa, ndipo akasowa potulukira amangokwera mpaka apeze pofooka. Kupaka penti ina n'kungowakankhira m'mwamba. Mankhwala ake, malinga ndi mmisiriyo, ndi kugumula pulasitala kufika mita imodzi kapena kupitirira, kulisiya khoma liume m'chilimwe, kuikanso wa laimu, ndi kukonza ngalande ya kunja kuti madzi a padenga asamagwere pa maziko.

Apa ndi pamene ubale wathu ndi kampani unasintha. Foni zinayamba kuyankhidwa mochedwa, malonjezo obwera Lachisanu anachuluka, ndipo chilimwe chonse chinatha khoma litauma lokha, ine n'kumadzinamiza kuti mwina vuto latha. Chitsimikizo cha miyezi 12 chimene kampaniyi inapereka pa ntchito yake chitangotha, bilu ija inafika. Nditapita ku ofesi yawo, mayi aja anandilandira bwino, koma mawu awo anali akuti: "Bambo, nyumbayi ndi yokalamba, khomalo sitinamange ndife." Ndinawayankha kuti, "Mayi, ukalamba wake munauona musanalandire ndalama zathu, ndipo munatilipiritsa padera kaamba kopima nyumba." Chondiwawa china n'chakuti pepala ndi mashelefu awerengeranso m'madola, monga anachitira poyamba pamene kwacha inali itadutsa K25 pa dola imodzi, kuonjezapo msonkho wa VAT wa 16 peresenti.

Madzulo ena, nyali zikayaka ndipo mukusi uja ukunyezimira, ndimaona kuti ndalama zathu sizinapite pachabe. M'mawa ndikanunkhiza chinyontho maganizo amenewo amachoka. Chimene chikundipatsa mphamvu n'chakuti pangano lathu linatilola kusunga 10 peresenti ya malipiro mpaka zolakwika zonse zitakonzedwa, ndipo ndalama imeneyo ikadali m'manja mwanga. Ndawalembera kalata kuti ndiitulutsa pokhapokha avomere kugumula pulasitala ndi ndalama zawo, ine n'kulipira ngalande ya kunja yokha, popeza imeneyo si mlandu wawo. Akakana, ndipereka ntchitoyi kwa mmisiri uja ndi ndalama yomweyo, ndipo mlamu wanga ndamuuza kale kuti awapatse khitchini yokha, makoma asawakhudze.