Mphika wa malemu amayi unasowa m'njira: chenjerani ndi otenga katundu opanda galimoto yawo

Abale anga a kuno ku Joni, makamaka inu amene mumaitanitsa katundu kuchokera kumudzi, ndikulemba izi mtima ukadali kuwawa. M'magulu athu a WhatsApp muli anthu ena odzitcha ma transporter, amaika zithunzi za mathiraki ndi matileyala, koma galimoto alibe ngakhale imodzi. Iwo amangolandira katundu ku Blantyre, n'kumugawa kwa makondakitala a mabasi ndi madalaivala a mathiraki, kenako amakhala pansi n'kumadikira limodzi ndi inu nomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amayi atatisiya chaka chatha, pachibale tinagwirizana kuti mphika wawo wachitsulo, wa miyendo itatu, ubwere kwa ine monga mwana wamkazi wamkulu, pamodzi ndi mthiko ndi chipande. Achemwali anga ku Limbe anaukulunga m'chitenje n'kuuika m'thumba limodzi ndi ufa woyera, nandolo ndi mpunga wa kilombero. Anakapereka thumbalo kwa bambo wina amene amalandirira katundu cha kufupi ndi depoti ya Wenela. Ndalama inaperekedwa yonse, ndipo bamboyo ananena ndi pakamwa pake kuti zapaboda zili momwemo.

Tsiku lomwe analonjeza linadutsa, foni yake osapezeka. Atayankha, akuti katundu wagwidwa pa Beitbridge, nditumize R400 mwachangu. Ndinatumiza. Mawa lake nkhani inasintha, akuti galimoto yafera ku Masvingo. Inu amene mwayendapo njira imeneyi mukudziwa: ukachoka pa Mwanza umadutsa Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, kenako Beitbridge. Ndiye galimoto yomwe dzulo inali pa Beitbridge yabwerera bwanji m'mbuyo? Nditamufunsa zimenezi anadula foni.

Pamapeto pake anandiimbira mnyamata wina wosamudziwa kuti ndikatenge thumba langa cha ku Park Station, depoti ya mabasi ya kuno ku Joni. Nditangolinyamula ndinamva kupepuka. Kukamwa kwake kunali kosokedwa ndi chingwe china, osati chija achemwali anandijambulira. Ufa, nandolo ndi mpunga zinalimo. Mphika mulibe, mthiko mulibe, chipande mulibe.

Chimene chinandilasa kwambiri ndi yankho la bambo uja. Akuti, "Mayi, musadandaule, miphika yotere ili mbwee m'masitolo a ku Joni konko, ndikugulirani wina." Zoona ilipo, anthu a kuno amaphikiramo ndiwo zomwe amazitcha potjie. Koma sindinali kulira chitsulo ine.

Mphika umenewu anabwera nawo ndi agogo aamuna kuchokera ku migodi ya kuno, kale Kamuzu asanaletse anthu kupita ku Wenela mu 1974. Agogo aakazi anaphikamo mpaka kukalamba, n'kuusiyira amayi. Kwathu ku Mulanje sunkasowa pa maliro, pa ukwati kapena pamene amayi a Mvano abwera kudzacheza. Mwendo umodzi ndi waufupi pang'ono, ndiye amayi ankauchirikiza ndi kamwala kosalala komwe kankakhala pa mafuwa chaka chonse, ndipo mwana akakasuntha ankamva mawu. Njala ya 2002 ndi imene sindidzaiwala. Chimanga chitatha, amayi ankawiritsamo kalongonda kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthiramo ena, kuwiritsanso mpaka madzulo kuti ululu wake uchoke. Tsiku lina ndi phala la madeya basi. Koma asanapakule ankaika dzanja pa chivundikiro n'kunena kuti, "Ambuye, mwatipatsa chalero, chamawa mukuchidziwa ndinu." M'nyumba mwathu simunafe munthu chaka chimenecho, ndipo ana a kwa aneba ankadya nawo. Namondwe Freddy atagwetsa khitchini mu Malichi 2023, achimwene anaufukula m'matope uli bwinobwino. Ndiye chinthu chopulumuka pa zonsezi chikasowere m'manja mwa munthu amene tamulipira?

Ndinafotokoza nkhaniyi ku mapemphero a amayi ku mpingo kwathu kuno, ndikulira. Tinapemphera. Pakati pathu panali mayi wina amene amachita geni yoyenda pakati pa Blantyre ndi Johannesburg, amakwera basi yekha ndi katundu wa anthu. Anandipempha chithunzi cha mphika ndi cha chitenje. Akuti madalaivala ena akaona thumba likulemera kapena likung'ambika amachotsamo cholemeracho n'kuchiponya padera, ndipo zotere zimakathera m'magalaja momwe amaunjikamo katundu wosowa mwini. Anafunsa kwa odziwana nawo, osatopa, osapempha kalikonse. Loweruka lina anandiimbira kuti ndibwere. Mphika unali pakona pa galaja lina, pansi pa matayala akale, chitenje chikadali chomangidwa ku chogwirira. Mthiko unali m'kati. Ndinagwada pa simenti pomwepo kuthokoza Mulungu, anyamata a pagalajapo akundiyang'ana.

Chivundikiro ndi chipande sizinapezeke mpaka lero. Chipandecho anasema ndi malemu bambo athu, m'mphepete chinali chitaperepeseka chifukwa cha nsima ya zaka zambiri. R400 yanga sanabweze, ngakhale kupepesa sanapepese, ndipo ndikumuonabe akuika zithunzi za mathiraki m'gulu. Ndamukhululukira chifukwa ndine Mkhristu, koma katundu wanga sadzamugwiranso, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza.

Panopa ndimatumiza kudzera mwa amayi oyenda okha aja. Mtengo wawo ndi wokwererapo, sindikubisa, komanso satenga katundu wambiri nthawi imodzi, ndiye umayenera kuwauza msanga, makamaka kukamayandikira Khirisimasi. Koma amayeza pa sikelo mwini katundu akuona, amalemba m'kope, ndipo akafika pa Mwanza ndi pa Beitbridge amatumiza uthenga. Akakana chinthu amakana poyera. Ine anandikanira usipa, akuti nsomba ndi nyama zimavuta paboda, thumba lonse likhoza kutsalira chifukwa cha kapaketi kamodzi.

Musanapereke katundu kwa munthu, mufunseni mosachita manyazi ngati akuyenda naye yekha kapena akupatsira wina. Akati galimoto ndi yake, pemphani nambala ya galimotoyo ndi ya dalaivala. Mtengo mugwirizane pa uthenga wolemba, zapaboda zitchulidwe momwemo, ndipo musalipire yonse katundu asanafike. Wina akakuimbirani kuti katundu wagwidwa, afunika ndalama, muuzeni atumize chithunzi cha pepala la aboda ndi cha thumba lanu lili pamalopo. Chinthu cholemera ngati mphika chisalowe m'thumba la ufa, chikhale pachokha, dzina ndi nambala zilembedwe pa icho chomwe, osati pa saka yokha. Ndipo chinthu chosiyidwa ndi makolo, chomwe simungachigule kwina, dikirani mbale kapena mnzanu wa ku mpingo amene akubwera adzachinyamule pamanja, ngakhale zitatenga miyezi.

Ngati pali amene waona chivundikiro chachitsulo chong'aluka pang'ono m'mphepete, kapena chipande chakale chakuda, m'magalaja osungira katundu ozungulira Park Station, chonde ndiuzeni. Ndalama ya thiransipoti ndibweza.