Katiriji ya vape ya galasi yomasula kamlomo: zimene zimakonzeka ndi zimene sizikonzeka

Makatiriji (timabotolo tosunga madzi) a vape, ndudu ya magetsi yotulutsa nthunzi, amene amamangidwa pa batire looneka ngati cholembera amafanana kwambiri akakhala m'paketi. Kusiyana kwake kumaoneka tsiku limene atsekeka kapena ayamba kudontha. Amene tikuwaunika pano ndi a galasi, olowa 1 ml, okhala ndi mtima (kachigawo kotenthetsa madzi) wa seramiki komanso kamlomo komanga ndi mazinga. Alinso ena a kamlomo kokhomera, kamene kakalowa sikatulukanso, ndi ena a pulasitiki okhala ndi thonje mkati, ndipo tiwakhudza onsewo. Kwa munthu wofuna kumadzaza yekha ndi kumatsuka, a galasi omasulawa ndiwo oyenera ndalama yake. Koma asayembekezere kuti chilichonse chimamasuka. Chimene chimachoka ndi kamlomo ndi timphete ta silikoni, komanso galasi pa mitundu ina, basi. Mtima suchoka, ndipo ukatha katiriji yatha.

Tiyambe kumunsi. Pali mazinga otchedwa 510, otambalala mamilimita 7, ndipo mizere yake imatalikirana theka la milimita. Opanga ambiri amatsata muyeso umenewu, n'chifukwa chake katiriji ya kampani ina imalowa pa batire la kampani ina. Pakati pa mazingawo pali kapini kachitsulo kozunguliridwa ndi rabala. Magetsi amalowera pa kapiniko n'kubwerera pa mazinga, ndipo rabalayo ndi amene amalekanitsa ziwirizi kuti zisachite shoti. Pamwamba pake pali mtima: kachibumwa ka seramiki ka timibowo tosaoneka ndi maso, kokhala ndi koyilo ya waya mkati. Madzi a vape amafika pa mtimawo kudzera m'timabowo tozungulira tsinde la kapaipi ka pakati, kawirikawiri tinayi. Nthunzi imakwera m'kapaipiko mpaka kukamlomo. Galasi limakhala pakati pa timphete tiwiri, kena pansi kena pamwamba, ndipo kamlomo mukakamanga ndiko kamapanikiza zonse kuti mpweya usalowe.

Pomasula, yambani mwazimitsa batire. Mabatire ambiri a batani amazima mukadina kasanu mofulumira. Chotsani katiriji, muigwire choimika, kamlomo kali m'mwamba. Zala zigwire chitsulo cha pansi, osati galasi, kenako potozani kamlomo kumanzere. Kakakana, nthawi zambiri ndi madzi amene aumira m'mazinga. Ifumbateni m'dzanja mphindi ziwiri kapena zitatu, kapena iikeni m'kathumba ka pulasitiki kotseka bwino muviike m'madzi ofunda. Moto wa laita kapena wa machesi ayi: umawononga silikoni ndipo ungang'ambe galasi. Pulayala nayonso ndi yoopsa pano. Kamlomo kamamangidwa pa kapaipi ka pakati, ndiye mukapotoza mwamphamvu kapaipiko kangatembenuke limodzi n'kudula timawaya ta koyilo timene tili kunsi kwake. Zikatero katiriji imaoneka yabwinobwino koma siyakanso, ndipo palibe chowotcherera m'kati mmenemo.

Kamlomo kakachoka, yang'anitsitsani mmene kamphete ka pamwamba kakhalira musanakatulutse, chifukwa tina tili ndi mbali ya pamwamba ndi ya pansi, ndipo kukabwezeretsa chozondoka ndi chiyambi cha kudontha. Gwirirani ntchitoyi pa kansalu koyera kapena m'mbale, poti timpheteto n'tating'ono ndipo opanga ambiri saika tina tapadera m'paketi. Ichi ndi chofooka chenicheni cha makatirijiwa: kamphete kamodzi kakatayika, chipangizo chonse chasanduka chotaya. Galasi pa mitundu ina limasololoka, pa ina linakhomeredwa kapena kumatidwa pa chitsulo cha pansi. Likapanda kusuntha mutalikoka pang'ono, lisiyeni.

Chotsukira chabwino ndi mowa wa isopropyl (wotsukira, wosamwa) wa 90% kupita m'mwamba. Wa 70% uli ndi madzi ambiri, umachedwa kuuma ndipo susungunula bwino zomata. Sipiriti wa mtundu wofiirira uja asayandikire katiriji, chifukwa amathiramo utoto ndi mankhwala ena amene simungafune kuti akafike m'mapapo. Kamlomo kachitsulo kapena ka seramiki kaviikeni mphindi 15 mpaka 20, mukatsukuluze ndi madzi ofunda. Ka pulasitiki kapena ka mtengo kangopukuteni, poti mowawo umatha kukang'amba kapena kukasupula. Timphete timangofuna madzi ofunda. M'kapaipi ka pakati lowetsani chotokosera m'mano kapena kathonje kowonda konyowetsa pang'ono, koma musapitirire theka la kutalika kwake, chifukwa kumunsiko ndi kumene kuli koyilo. Zonse ziume mpaka fungo la mowa litatheratu. Kuzisiya usiku wonse ndiye kwabwino.

Ambiri amafunsa ngati mtimawo ungatsukidwe. Kuviika katiriji yonse mu isopropyl kumachotsako kakomedwe ka madzi akale, zimenezo n'zoona. Koma chimene chimapha mtima ndi makala a zotsekemera zimene zapserera pa koyilo ndi m'timibowo ta seramiki, ndipo makala sasungunuka ndi mowa. Madzi a pampopi ndiye oipiratu, chifukwa seramiki imawamwa n'kuwasunga, ndipo pambuyo pake katiriji imathetheka n'kumakulavulirani timadontho totentha pa lilime. Malangizo athu ndi akuti katiriji iliyonse izikhala ndi kakomedwe kamodzi, ndipo muziyembekezera kuidzaza katatu kapena kanayi. Madzi otsekemera kwambiri, makamaka okhala ndi sucralose, amaifupikitsa moyo kuposa pamenepo.

Kudzaza kumafuna sirinji ya singano yopanda nsonga. Lowetsani singanoyo pakati pa galasi ndi kapaipi, muthire pang'onopang'ono motsamiritsa ku galasi. Dontho lililonse lolowa m'kapaipi limatsikira pa koyilo n'kutulukira kumunsi pa batire. Siyani mpata wa mamilimita awiri pamwamba, ndipo mangani kamlomo nthawi yomweyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa osadziwa. Katiriji imasunga madzi ake chifukwa pamwamba pamatsekeka, ndiye madziwo akafuna kutsika mpweya wa mkati umawakoka. Ikakhala yotsegula kwa mphindi zingapo palibe chowagwira, amangoyenderera m'timabowo mpaka mtima kusefukira. Pomanga, potozani mpaka mumve kuti kamphete kagwira, muwonjezere pang'ono chabe. Kumangitsa kumaphwanya kamphete kapena kung'amba mlomo wa galasi. Mukatero iimikeni mphindi 20 mpaka 30 kuti seramiki imwe. Madzi olimba kwambiri amafuna maola angapo. Kuyatsa mtima wouma ngakhale kamodzi kokha kumasiya fungo lopserera limene silichokanso.

Kukula kwa timabowo tolowera madzi ndi chinthu choyamba kufunsa pogula, ngakhale kuti ogulitsa ambiri sachitchula. Kumayambira pafupifupi milimita imodzi mpaka awiri. Timabowo ta 2.0 mm tinapangidwira madzi olimba, ndipo mukathiramo opepuka a PG (propylene glycol, chosakaniza chopepuka cha madzi a vape) wambiri adzadontha ngakhale mutasamala chotani. Ta 1.0 kapena 1.2 mm timayenda bwino ndi madzi a theka PG theka VG (vegetable glycerin, chosakaniza cholimba), koma a VG 70% amachedwa kulowa, mtima n'kumauma pakati pa kukoka. Madandaulo ambiri akuti katiriji ndi yoipa gwero lake ndi kusagwirizana kumeneku.

Chachiwiri ndi mphamvu ya batire. Koyilo za makatirijiwa zimakhala pakati pa 1.2 ndi 1.6 ohm (muyeso wa mmene waya amakanira magetsi kudutsa). Titenge ya 1.4 ohm: pa 2.8 V (ma volt a batire) imalandira 5.6 W (ma watt, muyeso wa mphamvu), pa 3.3 V imalandira pafupifupi 7.8 W, pa 3.7 V yatsala pang'ono kufika 10 W, ndipo pa 4.2 V imaposa 12 W. Onani mmene kukwera pang'ono kwa ma volt kumachulukitsira kutentha. Yambani pansi, mukwere pokhapokha nthunzi ikachepa kwambiri. Kupserera si nkhani ya kakomedwe kokha: PG ndi VG zikatenthedwa mopitirira muyeso zimatulutsa formaldehyde ndi acrolein, mankhwala amene amawononga njira za mpweya.

Kutsekeka kuli mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mtundu woyamba ndi wa pamwamba. Nthunzi yotsalira m'kapaipi imazizira n'kusanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha poto, ndipo madonthowo amaundana mpaka njira kutseka. Mumadziwa poti kukoka kumalimba koma phokoso palibe. Masulani kamlomo, mutokose ndi kupukuta. Kuti zisabwerenso, siyani batani kaye mupitirize kukoka mphindikati imodzi kapena ziwiri, nthunzi yonse ituluke. Mtundu wachiwiri ndi wa pansi, pamene mtima wasefukira. Pokoka mumamva madzi akubwata ndipo ena amafika m'kamwa. Chotsani katiriji pa batire, kulungani kumunsi ndi pepala lofewa, muuzire pang'onopang'ono kukamlomo kuti owonjezerawo atulukire m'timabowo ta mpweya ta kumunsi, kenako pukutani mazinga. Chimayambitsa ndi kukoka mwamphamvu, kuisiya chogona, kuisiya pa dzuwa kapena m'galimoto yotentha, ngakhalenso kukwera ndege, chifukwa mpweya wa mkati umafufuma n'kukankha madzi. Cholakwika chachikulu ndi kukoka mwamphamvu pofuna kutsegula: mukatero mukungokokera madzi ena mu mtima.

Batire likamangophethira osayatsa, musafulumire kutaya katiriji. Kuchuluka kwa kuphethirako kumasiyana malinga ndi wopanga, koma kawirikawiri tanthauzo lake ndi lakuti magetsi sakudutsa kapena pali shoti. Pukutani kapini ka katiriji ndi ka batire ndi kathonje konyowetsa isopropyl, batire lili chozima. Zikakanika, yang'anani ngati kapini ka katiriji kalowa mkati, zimene zimachitika munthu akamamangitsa pa batire. Lowetsani nsonga ya singano m'mphepete mwake mukatukule mozungulira, osapitirira milimita imodzi. Mukakakoka kwambiri waya wa koyilo amaduka. Amene ali ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, akhoza kuyeza pakati pa kapini ndi mazinga: nambala yoyandikira 1.4 ikusonyeza kuti koyilo ili moyo, yoyandikira ziro ndi shoti, ndipo kusawerenga kalikonse ndiye kuti waya waduka. Kuyambira pamenepo muzimanga ndi zala ziwiri, ikangogwira basi.

Makatiriji a kamlomo kokhomera sadontha kawirikawiri, ndipo ndiwo ubwino wake. Koma kamlomoko kali ndi timano togwira kamodzi kokha. N'zotheka kukazula pokulunga ndi nsalu ndi kugwedeza ndi pulayala, koma timanoto timathyoka, galasi limatha kusweka, ndipo chotsekera sichibwereranso mwakale. Tingavomereze zimenezi pokhapokha mukufuna kupulumutsa madzi a m'katiriji yakufa. Galasi likangong'ambika, tayani madziwo, chifukwa tizidutswa take simungationa. A pulasitiki a thonje amamwa madzi opepuka msanga ndipo kakomedwe kake n'kabwino masiku oyamba, koma thonje likapsa kamodzi latha, ndipo pulasitiki ya polycarbonate imang'ambika ndi madzi a sinamoni kapena a zipatso za mtundu wa mandimu. Galasi silivutika ndi zimenezo, vuto lake ndi kugwa pansi.

Chinanso chimene sitikondwera nacho pa a galasiwa ndi chakuti timabowo tolowera timakhala pamwamba pang'ono pa tsinde, ndiye madzi otsiriza safika pa mtima. Musalimbane nawo. Madzi akangofika pa mzere wa timabowo, dzazani. Pogula, sankhani amene alembedwa dzina la wopanga, kukula kwa timabowo ndi ma ohm a koyilo. Mayina odziwika ngati CCELL, a kampani ya Smoore ya ku Shenzhen, amakoperedwa kwambiri ndi opanga zachinyengo, ndipo zopanda dzina zimatha kukhala ndi mkuwa wosakaniza ndi mtovu m'zigawo zokhudza madzi. Kapaipi ka chitsulo chosachita dzimbiri kapena ka seramiki ndiko kodalirika.

Kutha kutsegula katiriji kumabwera ndi chiyeso chothiramo zilizonse. Musathiremo mafuta ophikira, mafuta onunkhira, kapena chilichonse chimene sichinapangidwire vape. Mu 2019 ku United States kunabuka matenda a mapapo otchedwa EVALI, ndipo pofika February 2020 bungwe la boma loona za matenda la CDC linali litawerenga anthu oposa 2,800 ogonekedwa m'chipatala ndi 68 omwalira. Chimene chinapezeka kuti chikukhudzidwa kwambiri ndi vitamin E acetate, mafuta amene ankasakaniza m'makatiriji a THC (mankhwala oledzeretsa a m'chamba) ogulitsidwa mozemba. Nikotini nayenso amalowa kudzera pakhungu, choncho valani magolovesi podzaza, ndipo botolo likhale kumene mwana sangafike, poti kumwa pang'ono chabe kungamuvulaze kwambiri. Ndipo tinene poyera kuti kutsuka bwino sikuchititsa vape kukhala yopanda vuto: si ya ana, si ya amayi oyembekezera, si ya munthu amene sanasutepo.

Katiriji yafika potayidwa pamene fungo lopserera silikuchoka ngakhale ili yodzaza ndipo mwatsitsa ma volt, pamene madzi atsopano akuda patangopita tsiku limodzi kapena awiri, pamene ikudonthabe kumunsi timphete tili bwinobwino, kapena pamene mwaona dzimbiri kapena zobiriwira pa kapaipi. Musanaitaye chotsani kamlomo ndi timphete, mutsuke musunge, chifukwa zidzalowa pa ina ya mtundu womwewo. Madzi otsala amwetseni m'pepala lofewa, ndipo batire likatha lipite kumalo olandira mabatire akale, osati m'zinyalala kapena pamoto, chifukwa la lithium likaphwanyika kapena kutenthedwa limayaka.