Sitovu ya gasi, ya mapuleti kapena ya induction: kuopsa kwake ndi kasamalidwe kake

Anthu ambiri akangomva za sitovu ya gasi amati ayi ine sindingayerekeze, iphulika imeneyo, ndiye amagula ya magetsi n'kumaona ngati nkhani yatha. Koma anzanga sitovu iliyonse ili ndi njira yakeyake yopwetekera munthu, ndipo chomwe chimayambitsa moto m'makhitchini ambiri si kuphulika kwa silinda ayi, ndi poto wosiyidwa pamoto mwini wake ali pa foni kuchipinda. Ndiye funso lenileni ndi loti ndi sitovu iti yomwe imakukhululukirani mukaiwala, nanga iti yomwe mungakwanitse kuisamala osatopa nayo.

Tiyambe ndi gasi poti ndi amene amaopedwa. Gasi wa m'masilinda uja amati LPG ndi propane ndi butane, ndipo payekha alibe fungo. Fungo lonunkha ngati mazira owola lija amachita kuthiramo dala kuti akamatuluka mudziwe msanga. Chinanso, gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kudenga, amatsika n'kukadzaza pansi, m'makona ndi kunsi kwa makabati, ndiye kutsegula kawindo kam'mwamba kokha sikuthandiza kwenikweni, pamafunika zitseko zonse kuti mphepo idutse pansipo. Gasi wobwera m'nyumba kudzera m'mapaipi ndi wina, ameneyo ndi methane ndipo ndi wopepuka, komanso sitovu yopangidwira gasi ameneyo simungangoilumikiza ku silinda chifukwa timabowo totulukira gasi n'tosiyana kukula, pafunika katswiri asinthe kaye.

Mukamva fungo musakhudze swichi ina iliyonse, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, chifukwa mkati mwa swichi mumathetheka kamoto komwe inu simukaona. Tsekani pa silinda, tsegulani zitseko, tulukani panja. Ndipo pofufuza pomwe gasi akutulukira, chonde osati ndi machesi, alipo ndithu amachita zimenezo. Sungunulani sopo m'madzi mupake pa legyuleta (kachipangizo kolumikiza paipi ku silinda), pa paipi yonse ndi polumikizira paliponse, pomwe pakufufuma thovu ndi pomwepo. Paipi ya labala imauma n'kumang'aluka ikakalamba, makoswe nawonso amaitafuna kuseri kwa sitovu komwe simuyang'anako, ndiye onani deti lomwe linalembedwa pa paipipo ndipo ikafika zaka 5 ingosinthani ngakhale ikuoneka bwinobwino. Silinda iziima chilili nthawi zonse, osaigoneka kuti gasi wotsala atuluke.

Lawi la gasi limakuuzani lokha ngati zinthu zili bwino. La buluu lokhazikika ndiye labwino. Likayamba kukhala lachikasu, mapoto n'kumada mwaye kunsi, ndiye kuti gasi sakupsa mokwanira ndipo pamenepo pakutuluka carbon monoxide, mpweya wopanda fungo wopanda mtundu womwe umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi chizungulire kenako munthu amangogona osadzukanso. Nthawi zambiri vuto limakhala timabowo ta bena, pomwe pamatulukira lawi paja, totsekeka ndi zosefukira. Chotsani zisoti za mabena sitovu itazizira, ziviikeni m'madzi otentha a sopo, tokosani timabowo ndi kawaya kowonda osati kamtengo kotokosera m'mano chifukwa kamathyokera momwemo, ziume kaye gwaa musanazibwezere, ndipo chisoti chikhale pamalo pake penipeni chifukwa chikapendekeka lawi limatulukira mbali imodzi. Likakhalabe lachikasu mutatsuka, itanani wokonza.

Pogula ya gasi ine chinthu chimodzi chokha ndi chomwe sindinganyengerere, ikhale ndi kachipangizo kotseka gasi lawi likazima. Mukayang'ana pambali pa bena muona kachitsulo kakang'ono kosongoka koima pomwe lawi limakanyambita. Kakatentha gasi amadutsa, kakazizira gasi amatsekeka yekha, n'chifukwa chake masitovu oterewa mumakanikiza batani kwa masekondi angapo mutayatsa. Mkaka ukasefukira n'kuzimitsa moto inu muli panja, kachitsulo kameneka ndi komwe kamapulumutsa nyumba. Sitovu yopanda kameneka imangopitiriza kutulutsa gasi mpaka wina adzalowe n'kuyatsa getsi.

Tsopano ya magetsi ya mapuleti achitsulo, yomwe anthu amaiona ngati yofatsa. Kunena zoona imeneyi ndi yomwe ine ndimaikayikira kwambiri pakakhala ana m'nyumba. Puleti imachedwa kutentha ndipo imachedwanso kuzizira, mwazimitsa koma kwa mphindi zambiri ikadali yootcha, ndipo puleti yotentha ndi yozizira zimaoneka chimodzimodzi, zakuda bii. Pa gasi mwana amaona moto n'kuopa, apa palibe chomuchenjeza. Kansalu kopukutira mbale kakagwera pamenepo kayaka. Mafuta akayamba kufuka utsi, kuzimitsa batani sikukwanira, muyenera kusuntha potoyo chifukwa puleti ikupitirizabe kumutenthetsa. Palinso ka msampha kena, magetsi akathima muli pakati pophika, n'zosavuta kuchoka osazimitsa mabatani, ndiye akabwera usiku puleti imayaka yokha ndi chilichonse chomwe mwasiyapo.

Kumbali ya mawaya, kuka yathunthu yokhala ndi uvuni imakoka magetsi ambiri moti imafuna waya wakewake wonenepa ndi buleka yakeyake, nthawi zambiri ya 32 amp, komanso waya wa eti ulumikizidwe bwino. Si chinthu cholowetsa pa ekisitenshoni. Mukamva magetsi akukunjenjemeretsani pogwira poto kapena chitseko cha uvuni, kapena pulagi ikutentha ndi kununkha pulasitiki, zimitsani pa buleka musaigwiritsenso ntchito mpaka wamagetsi aione. Kasamalidwe kake kokha n'kosavuta: pukutani itazizira, musasiye madzi pa puleti chifukwa imachita dzimbiri, mukatsuka iyatseni pang'ono iume kenako pakani kadontho ka mafuta.

Ilipo ya galasi pamwamba yomwe imafiira kunsi, imeneyo yapambanako chifukwa imayatsa ka H kapena kagetsi kosonyeza kuti pakadali potentha. Koma galasi limadana ndi shuga. Chinthu cha shuga chikatayikira n'kupserera pamenepo chimaboola timaenje tosachokanso, ndiye chipaleni msanga ndi kachipalilo kopalira masitovu a galasi pakadali pofunda, mutavala chotchinga dzanja. Mapoto muzinyamula osakoka, ndipo galasi likang'aluka basi zimitsani, madzi akalowa pamng'alupo akukakumana ndi magetsi.

Ya induction imaoneka ngati ya galasi yomweyo koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kena. Kunsi kwa galasi kuli waya wa kopa wokulungidwa womwe umapanga mphamvu ya maginito, ndipo chomwe chimatentha ndi poto weniweniyo. Mukachotsa poto kutentha kumasiya pompo, mukaiyatsa popanda poto imangolira n'kuzima yokha, kansalu kakagwerapo sikayaka, zosefukira sizipserera kwambiri ndiye kupukuta ndi nkhani ya kansalu konyowa basi. Mphamvu yomwe imafika mu poto ndi pafupifupi 85 peresenti, pomwe pa gasi yoposa theka imangothawira m'mbali n'kumatenthetsa khitchini. Pa nkhani ya chitetezo imeneyi ndiye yatsogola, sindingabise.

Koma isakunamizeni. Galasi limatenthabe chifukwa cha poto amene anali pamenepo. Imatenthetsa mwachangu kwambiri moti mafuta ochepa mu pani pa nambala yapamwamba afuka musanamalize kudula anyezi, ndiye yambirani pakati. Supuni, mpeni kapena chivindikiro chachitsulo mukachisiya pamalo oyaka chimatentha. Mapoto a aluminiyamu, a kopa ndi a dothi sagwira, yesani ndi maginito kunsi kwa poto, akamata ndiye kuti agwira ntchito. Ili ndi fani kunsi yoziziritsa zamkati ndiye musatseke mabowo ake ndi mapepala kapena nsalu. Ndipo amene ali ndi pacemaker, kachipangizo koikidwa m'thupi kothandiza mtima kugunda bwino, amalangizidwa kutalikira masentimita 60, afunse adokotala awo asanagule. Ikawonongeka nayonso si yoti aliyense wa sikuludilaiva angaitsegule.

Nanga uvuni? Apa ine ndimasankha wa magetsi mosazengereza, ngakhale pamwamba patakhala pa gasi. Wa magetsi kutentha kwake kumakhala kofanana, makamaka wa fani, ndipo wa faniyo mumatsitsa madigiri 20 pa zomwe zalembedwa, 180 ikhale 160. Wa gasi amatentha kwambiri m'mwamba kuposa m'munsi, ndipo vuto lake lalikulu lili poyatsa. Mukatsegula gasi n'kuchedwa ndi machesi, gasi amadzaza mkatimo, mukayatsa kumangomveka phuu nsidze zapita. Akakana kuyaka zimitsani, siyani chitseko chotsegula kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo kenako yesaninso. Ndipo uvuni wa gasi si chootha, kukazizira osamutsegula kuti afunditse nyumba, carbon monoxide uja amapha anthu mwanjira imeneyi.

Kaya wa gasi kaya wa magetsi, musayale pepala la aluminiyamu pansi pa uvuni poopa zodontha. Mu wa gasi limatseka mabowo a mpweya, mu wa magetsi limasungunuka n'kumatirira osachokanso. Ikani thireyi pa shelefu yam'munsi. Potsuka, soda wophikira wosakaniza ndi madzi pang'ono mupake asiyidwe usiku wonse, m'mawa mafuta opserera aja amangochoka. Mankhwala ogula otsukira uvuni ndi amphamvu zedi, ambiri muli caustic soda, amawotcha khungu ndi maso, ndiye magulovu, mawindo otsegula, ndipo asakhudze zitsulo zotenthetsa, fani, labala wa pachitseko kapena chilichonse cha aluminiyamu. Uvuni wodzitsuka yekha uja amatentha kufika madigiri pafupifupi 500 mpaka litsiro lisanduke phulusa, chitseko chimadzikhoma chokha, ameneyo safuna mankhwala konse, koma chotsanimo mashelefu, yambani mwapukuta mafuta ochuluka kuti asayake, ndipo ngati mumaweta mbalame m'nyumba zitulutseni chifukwa utsi wake umazipha. Labala wa pachitseko akang'ambika sinthani, apo ayi kutentha kumathawa n'kumawotcha mabatani.

Moto ukabuka, masitovu onsewa lamulo lake ndi limodzi. Mafuta akayaka mu poto musathire madzi ngakhale kapu imodzi, madzi amamira pansi pa mafuta n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imatenga malo ochuluka maulendo pafupifupi 1,700 kuposa madziwo, ndiye imamwaza mafuta oyaka mpaka kudenga. Zimitsani sitovu, vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo kapena bulangete lozimitsira moto, musanyamule potoyo kuthamanga naye panja ndipo musavundukule mpaka atazizira. Ukayaka mkati mwa uvuni, zimitsani ndipo chitseko chikhale chotseka, mukatsegula mwaupatsa mpweya. Ukakula tulukani muitane ozimitsa moto.

Ndiye pomaliza kusankha, ngati magetsi anu ndi odalirika ndipo m'nyumba muli ana kapena achikulire oiwalaiwala, induction pamwamba ndi uvuni wa magetsi. Ngati magetsi amavutavuta, gasi wokhala ndi kotseka lawi likazima, mpweya wodutsa bwino m'khitchini ndi ka alamu ka carbon monoxide pakhoma, bola mukhale munthu woti muzikumbukira madzi a sopo nthawi iliyonse mwasintha silinda. Ya mapuleti ndi yolimba ndipo sichedwa kukonzeka, koma ndi yomwe ndingaiike kumapeto. Ndipo kuka iliyonse yoima payokha imangidwe kukhoma ndi kachitsulo komwe imabwera nako, anthu ambiri amakataya ndi katoni, koma mwana akaponda chitseko cha uvuni chotsegula kuka yonse imamugwera ndi mapoto ake omwe. Zigwiriro za mapoto zizilozanso mkati, osati kunja komwe kadzanja kangafikire.